200 OK: yankho la seva zinthu zikayenda, ndi zimene yankholo silikulonjezani

Ntchito zambiri zimene kale zinkafuna kukwera basi ya ku Chipata kapena ya ku Lusaka, lero anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba amazithera pa foni kapena mu kafe ya intaneti pa boma. Mwana amaona zotsatira za mayeso a ECZ, wamalonda amalemba za msonkho wa ZRA, mlangizi wa zaulimi amalowetsa maina a alimi a FISP mu ZIAMIS, wina amafunsira ntchito ya uphunzitsi. Pansi pa zonsezi pamayenda kanambala kamene anthu ambiri sanakaonepo ndi maso, 200. Ndikofunika kukadziwa, makamaka kwa munthu amene ndalama zake ndi mapepala ake zimadutsa m'njira imeneyi.

Kodi 200 imeneyi ndi chiyani, ndipo imachokera kuti?

Mukatsegula tsamba la pa intaneti, tsambalo silikhala m'foni mwanu. Foni imatumiza pempho kwa kompyuta ina imene imasunga tsambalo, ndipo kompyutayo imatchedwa seva. Ikhoza kukhala ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Frankfurt. Pempholo limachoka pa foni kupita pa nsanja ya netiweki, n'kulowa m'zingwe za faiba. Seva ikakhala kutsidya kwa nyanja, pempho limadutsa kaye m'mayiko oyandikana nafe kuti likapeze zingwe zoyenda pansi pa nyanja, popeza Zambia ilibe gombe.

Foni ndi seva zimalankhulana motsata dongosolo lotchedwa HTTP. Mzere woyamba wa pempho umaoneka chonchi: GET /index.html HTTP/1.1. Apa foni ikuti, ndipatseni tsamba lakutilakuti. Seva isanatumize chilichonse, imayamba yanena m'mene pempholo layendera, ndipo zonse zikakhala bwino mzere woyamba wa yankho lake umakhala HTTP/1.1 200 OK. Pambuyo pa mzerewu pamabwera mizere ina yonena mtundu wa chimene chikutumizidwa, kukula kwake ndi tsiku, kenako tsamba lenilenilo.

Ndiye 200 ndi seva ikunena kuti pempho ndalimva, ndalilola, ndipo nali yankho lake.

Nanga bwanji ine sindinaionepo pa foni panga?

Chifukwa nambalayi salembera inu, amalembera pulogalamu. Chrome kapena Opera Mini ikalandira 200 imangoonetsa tsamba, osakusokonezani ndi manambala. N'chifukwa chake anthu ambiri amadziwa 404, nambala ya tsamba losapezeka, koma 200 saidziwa ngakhale imawafikira kambirimbiri tsiku lililonse.

Ngati mukufuna kuiona, pitani pa kompyuta mu kafe, tsegulani Chrome, dinani F12, sankhani polembedwa Network, kenako tsegulaninso tsamba lililonse. Mudzaona mizere ikutsika yokha umodziumodzi: tsamba lenileni, chizindikiro cha bungwe, zithunzi, zilembo, timapulogalamu toyendetsa mabatani. Pambali pa mzere uliwonse, pansi pa mawu akuti Status, pali nambala yake. Yambiri ndi 200, apo ndi apo 304, ndipo wofiira ukaoneka ndiye kuti chinthu chimenecho chakanika. Munthu akaona zimenezi koyamba amadabwa kuti tsamba limodzi ndi mapempho makumi angapo, nthawi zina oposa 100, lililonse ndi yankho lakelake. Apa m'pamene mumamvetsa chifukwa chake tsamba limatha kutseguka mawu okha zithunzi n'kutsala, netiweki ikamavuta kumapiri a ku Kacholola. Pempho loyamba linapeza 200 yake, enawo anathera panjira.

Anaika manambalawa ndani?

HTTP inayamba ndi Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo mtundu wake woyamba wa 1991 unalibe manambala otere. Seva inkangotumiza tsamba n'kudula. Pakakhala vuto inkatumiza tsamba lonena za vutolo, ndipo pulogalamu inalibe njira yosiyanitsira tsamba labwino ndi tsamba la madandaulo. Manambala anabwera kudzathetsa chisokonezo chimenecho. Analembedwa mu chikalata cha HTTP/1.0, RFC 1945, cha mu May 1996, chimene analemba Berners-Lee, Roy Fielding ndi Henrik Frystyk Nielsen. Nzeru ya manambala atatu sinali yatsopano, chifukwa njira zakale zotumizira mafayilo ndi maimelo zinkayankha kale mwa mtundu womwewu. Lero matanthauzo ake ali mu RFC 9110 ya mu June 2022, yochokera ku bungwe la IETF.

Nthawi imene manambalawa ankakhazikika, Zambia inali italowa kale pa intaneti. Zamnet, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino mu 1994, ndipo tinali m'gulu la mayiko oyambirira kum'mwera kwa Sahara kutero.

Nambala yoyamba ndiyo imanena banja la yankho. Zoyamba ndi 1 zikuti dikirani, tikupitiriza. Zoyamba ndi 2 zikuti zatheka. Za 3 zikukutumizani kwina, za 4 zikuti vuto lili m'pempho lanu, za 5 zikuti vuto lili kwa seva. Mawu a OK aja ndi okometsera chabe, moti HTTP/2 ya 2015 inawasiya n'kumatumiza nambala yokha.

Ndiye ndikalandira 200, ntchito yanga yatheka basi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu amataya ndalama ndi mwayi pa mfundo imeneyi.

Taganizani mwapita kukatenga katundu pa depoti, wogwira ntchito n'kukutulutsirani thumba losoka bwino n'kunena kuti nali thumba lanu. Mawu amenewo ndiye 200. Thumba laperekedwa, palibe wakukanizani, palibe wakubwezani. Koma ngati mkatimo muli yuriya kapena D compound, ngati makilo ake ndi 50 kapena aperewera, mawu aja sananenepo kanthu. Mpaka mutamasula.

Mwana wa giredi 12 akalowetsa nambala yake ya mayeso molakwitsa, tsamba limene limabwera lonena kuti nambalayi sikupezeka limatha kufika ndi 200, chifukwa kwa seva ntchito yake yayenda: yafunsidwa, yafufuza, yayankha. Munthu akatumiza fomu yofunsira ntchito koma chikalata chimodzi n'chachikulu kupitirira muyezo, masamba ambiri amabweza fomu yomweyo ndi 200, pamwamba pake pali kamzere kofiira kakang'ono. Pa foni yaing'ono, padzuwa la mu October, kamzereko n'kosavuta kukaphonya. Munthuyo amatseka foni ali ndi mtima woti watumiza, n'kumadikira kuitanidwa pa fomu imene sinalowe.

Chimene chimatsimikiza kuti nkhani yanu yatheka chili mkati mwa yankho: nambala ya risiti, mawu onena momveka kuti fomu yalandiridwa, meseji ya pa foni, imelo. Ijambuleni kapena ilembeni m'kabuku musanatseke tsamba. Ngati wakuthandizani ndi mnyamata wa mu kafe, musachoke pampando asanakuonetseni nambalayo kapena kukusindikizirani pepala. Mawu akuti "yapita, amayi" okha sakwanira, ngakhale mnyamatayo akunena ndi mtima wabwino.

Kodi zimenezi zimakhudzanso mobile money?

Zimakhudza, ngakhale njira zake ndi ziwiri. Mukamadina manambala a nyenyezi aja pa kafoni ka mabatani, foni yanu sikugwiritsa ntchito HTTP, ikuyenda pa njira ina yotchedwa USSD imene sifuna bando ya intaneti. Koma mukamalipira kudzera pa app, kapena pa tsamba la sukulu, la sitolo kapena la boma, makompyuta a mbali ziwirizo amakambirana pa HTTP, ndipo manambalawa amagwira ntchito.

Chitsanzo chabwino ndi malangizo amene MTN imapereka kwa opanga mapulogalamu ofuna kulandira ndalama kudzera pa MoMo. Pulogalamu ikapempha kuti kasitomala alipire, yankho loyamba silikhala 200 koma 202, kutanthauza kuti pempho lalandiridwa koma silinagwiridwe ntchito. M'pomveka, chifukwa nthawi imeneyo kasitomala sanalowetse PIN yake. Kenako pulogalamuyo imafunsanso kuti malipiro aja afika pati, ndipo yankho limabwera ndi 200. Mkati mwa 200 imeneyo mumapezeka amodzi mwa mawu atatu: SUCCESSFUL, PENDING kapena FAILED. Taonani bwino. Malipiro olephera amafika ndi 200 yomweyo imene malipiro otheka amafika nayo, popeza funso linali lakuti afika pati, ndipo funsolo layankhidwa bwinobwino. Wopanga pulogalamu amene amangoyang'ana nambala osawerenga za mkati adzalembera risiti munthu amene sanalipire.

Kwa wogulitsa mbewu ndi feteleza pa boma, kapena mayi wogulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba amene wayamba kulandira ndalama pa foni, phunziro lake n'lofanana: umboni ndi meseji yofika pa foni yanu ndi balansi yanu kukwera, osati chithunzi chimene wogula akukuonetsani pa foni yake.

Nanga kabwalo kakangozungulira osaima, ndiye kuti zalephera? Ndidinenso?

Musafulumire. Kusabwera kwa 200 sikutanthauza kuti palibe chachitika. Ulendo uli ndi mbali ziwiri, kupita ndi kubwerera. Pempho lanu likhoza kufika kwa seva, ndalama n'kuchotsedwa, koma yankho n'kutayika pobwerera chifukwa netiweki yagwa kapena magetsi azima pa nsanja. Inu mumangoona kabwalo, kapena 504 imene imati kompyuta ya pakati yatopa kudikira. Mukadinanso, mwatumiza pempho lachiwiri, ndipo ngati tsambalo silinakonzedwe mosamala mudzalipira kawiri.

Pali kusiyana pakati pa kupempha kuti muone chinthu ndi kutumiza chinthu. Pempho la GET, longoona tsamba, mukhoza kulibwereza kakhumi popanda chosintha. Pempho la POST, lotumiza fomu kapena malipiro, limasintha zinthu kumene likupita. N'chifukwa chake Chrome imakufunsani kaye ngati mukutsimikiza kutumizanso fomu. Funso limenelo musamalidumphe. Dikirani mphindi zingapo, onani balansi, onani mameseji, lowaninso mu akaunti muone ngati fomu ikuoneka. Mukatsimikiza kuti palibe chalowa, m'pamene mubwereze.

Abale ake a 200 ndi ati?

Alipo angapo ofunika kuwadziwa. 201 imati chinthu chatsopano chapangidwa, monga akaunti. 202 taikamba kale. 204 imati zatheka koma palibe choti ndikutumizireni.

Amene ndimaona kuti amatithandiza kwambiri kuno kwathu ndi 206 ndi 304. Nambala 206 imabwera seva ikatumiza gawo chabe la fayilo. Ndiyo imachititsa kuti buku lalikulu la PDF likaduka pakati, foni ipitirize pomwe inalekezera m'malo moyambiranso, malinga ngati seva ikulola zimenezo. 304 si ya banja la 2, koma ndi uthenga wabwino kwa munthu wosunga bando. Foni imafunsa kuti chithunzi ichi ndili nacho kale, kodi chasintha? Seva imayankha 304, sichinasinthe, ndipo chithunzicho sichitumizidwanso. Tsamba limene mumalitsegula tsiku ndi tsiku limadya bando yochepa pa chifukwa chimenechi.

Kusunga zakale kotereku kuli ndi msampha wake. Nthawi zina foni sifunsa n'komwe seva, imangoonetsa tsamba limene inasunga dzulo, ndipo pa Network paja mumaona 200 yotsagana ndi mawu akuti from disk cache. Tsiku limene mukudikira mndandanda wa maina kapena zotsatira, mukhoza kumayang'ana tsamba lakale pamene anzanu akuona latsopano. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F5 pamodzi kuti tsamba libwere lonse kuchokera kwa seva.

Kodi pali pamene 200 imakhala chizindikiro cha vuto?

Eya. Foni ya Android ikalumikiza pa Wi-Fi, imatumiza kapempho mwakachetechete ku adiresi ina ya Google imene ntchito yake ndi kuyankha 204 basi, popanda tsamba. Ikalandira 204 imadziwa kuti njira ndi yotseguka. Ikalandira tsamba la 200 kapena kutumizidwa kwina, imadziwa kuti pali wina waima pakati, monga tsamba la pa loji lofuna kuti mulowetse pasiwedi, ndipo imakuuzani kuti mulowe kaye mu netiwekiyo. Apa 200 yaulula kuti woyankha si amene anafunsidwa.

Vuto lina ndi la masamba amene amati chimene mukufuna palibe, koma n'kutumiza uthengawo ndi 200 m'malo mwa 404. Google imatcha zimenezi soft 404. Munthu wowerenga amamva, koma makina ofufuzira amasokonezeka n'kumaona ngati tsamba lopanda kanthu lija ndi tsamba lenileni.

Tsamba likatseguka bwino, kaloko kali pamwamba, ndiye kuti ndi loona?

Ayi ndithu. Seva ya wakuba imayankha 200 mofanana ndi seva ya boma, ndipo nthawi zina imayankha msanga kuposa ya boma chifukwa anthu oipanikiza ndi ochepa. Kaloko kaja kamangonena kuti zimene mukutumiza zabisika panjira, sikanena kuti wozilandira ndi wokhulupirika. Nthawi yolemba aphunzitsi ndi anamwino ntchito, kapena nyengo ya zipangizo zaulimi ikayandikira, pa WhatsApp pamayenda malinki a masamba okongola, okhala ndi chizindikiro cha dziko ndi mbendera, opempha nambala ya NRC ndi kandalama kolembetsera. Amatseguka popanda chovuta chilichonse.

Choyenera kuyang'ana ndi adiresi. Masamba a maunduna a boma la Zambia amathera ndi .gov.zm, ndipo maina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi ZICTA. Werengani adiresi yonse chilembo ndi chilembo kufika pa kamzere kopendeka koyamba, chifukwa akuba amaika dzina la unduna kutsogolo, mathero enieni n'kukhala ena. Mukakayika, funsani ku ofesi ya maphunziro ya boma kapena kwa mlangizi wa m'dera lanu musanalowetse NRC.

Zinthu zikakanika, manambalawa angandithandize bwanji kudziwa poyambira?

Amakuuzani amene muyenera kumufuna, ndipo zimenezi zimapulumutsa ndalama ya njinga yamoto. Ngati palibe nambala iliyonse, foni ikungoti palibe intaneti kapena tsamba silikufikika, ndiye kuti nthawi zambiri pempho silinafike n'komwe kwa seva. Onani bando, onani netiweki, yesani tsamba lina. Mukaona 404, adiresi yalakwika kapena tsamba linachotsedwa. 401 ikufuna kuti mulowe ndi dzina ndi pasiwedi, 403 ikuti simukuloledwa, 429 ikuti mwapempha kambiri pa nthawi yochepa, pumulani.

Mukaona 500, 502 kapena 503, vuto silili kwa inu. Kugula bando ina sikuthandiza, kusintha simu sikuthandiza, kukwera pachulu sikuthandiza. 503 imakonda kuoneka tsiku limene dziko lonse lathamangira pa tsamba limodzi, monga zotsatira za mayeso zikangotuluka kapena tsiku lomaliza lolandira mafomu. Mankhwala ake ndi kudikira, kapena kuyesa usiku kwambiri ndi m'bandakucha pamene anthu achepa. Chondipweteka n'chakuti munthu wochokera kumudzi, amene walipira ulendo kudzafika pa boma, alibe mwayi wodikira mpaka usiku. Eni masamba a ntchito za boma ayenera kumaganizira munthu ameneyu akamakonza kukula kwa maseva awo ndi masiku otsekera.

Mukamaimbira foni ofesi yothandiza makasitomala, nenani nambala imene mwaona, nthawi yake ndi chimene munadina. Kunena kuti "ikukana" sikupatsa wothandizayo pogwira. Kunena kuti yalemba 503 cha m'ma 10 koloko nditangodina potumiza fomu, kumamufikitsa pafupi ndi vuto.

Ine ndikuphunzira kupanga masamba. Ndizisamala chiyani?

Muzinena zoona ndi nambala. Chinthu chikasowa tumizani 404, fomu ikalakwika tumizani 400 kapena 422, pulogalamu yanu ikagwa tumizani 500. Chizolowezi chotumiza 200 pa chilichonse, n'kubisa vuto mkati mwa yankho, chimaoneka chofewetsa ntchito lero, koma chimapusitsa zida zoyang'anira seva, makina ofufuzira ndi mapulogalamu a anzanu amene adzalumikize kwa inu. Pa Linux kapena pa Windows yatsopano, kulemba curl -I kutsatiza adiresi ya tsamba lanu kumakuonetsani mzere woyamba uja ndi mizere yotsatira popanda tsamba lonse. Yesani ndi adiresi yolondola, yesaninso ndi yabodza, muone ngati seva yanu ikusiyanitsa.

Chachiwiri, kumbukirani netiweki ya anthu amene mukuwapangira. Wogwiritsa ntchito tsamba lanu ku Minga kapena ku Nyanje adzadina kawiri, chifukwa yankho lachedwa. Patsani pempho lililonse la malipiro nambala yakeyake, kuti likafika kachiwiri seva ilizindikire n'kubweza yankho loyamba lomwe lija m'malo mochotsanso ndalama. Zimitsani batani likangodinidwa. Ndipo zinthu zikatheka, musangosiya 200 iyende mobisika. Lembani pa tsamba ndi zilembo zazikulu, m'Chinyanja ngati n'kotheka, kuti fomu yalandiridwa, nambala yake ndi iyi, ndipo tumizaninso nambala yomweyo pa meseji kuti munthu aipeze ngakhale bando itatha.